Pansi pa mtengo wa mandimu

Chaka changa chachiwiri payunivesite ndinalowa gulu la atsikana ophunzira lomwe ntchito yake inali kuyendera okalamba okhala okha. Tinkatchulana achemwali, tinkavala malaya obiriwira ofanana, ndipo munthu sankangolowamo ngati mumsika. Unkayamba wayesedwa miyezi itatu, kenako n'kukulumbiritsa. Gululo ndinkalifuna ndi mtima wonse, poti ku Perth, kuno ku Australia, ndinalibe wachibale ndipo Loweruka linkanditalikira.

Mtsogoleri wathu, mtsikana wa konkuno wophunzira unamwino, anatiwerengera malamulo. Kucheza ola limodzi. Osapatsa munthu mankhwala. Osagwira chinthu pakhomo mwiniwake asanakuuze. Lomalizali linalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Kwathu mtsikana wofika pakhomo pa munthu wokalamba n'kumadikira kuti auzidwe chochita timati sanaleredwe.

Anandiphatikiza ndi mnzanga wa ku Chipata, natipatsa mayi wina wamasiye wa ku Joondalup, kumpoto kwa Perth, mzungu woyenda ndi ndodo. Maulendo awiri oyamba tinangomwa tiyi n'kumaonetsedwa zithunzi za malemu amuna awo. Koma ine maso anali kuseri kwa nyumba. Pansi pa mtengo wa mandimu panali masamba ouma ndi timakungwa, mulu wofika mu akakolo. Zinkandinyansa. Mumtima ndinali nditawaweruza kale ana awo kuti ndi anthu opanda pake, olephera ngakhale kudzawasesera mayi awo.

Ulendo wachitatu unali mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo. Mnzanga akuwawerengera nyuzi, ine ndinazemba, n'kukapeza tsache m'galaja. Ndinasesa monga anandiphunzitsira amayi anga, chowerama, dzanja lina kumsana, mpaka mchenga unaonekera ndi mizere ya tsache yooneka bwinobwino. Ndinakokolola ndi dothi lapamwamba lomwe, zonse n'kuthira m'bini ya zinyalala za m'dimba. Kenako ndinakawaitana kuti adzaone, ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Mnzanga ndi amene anayamba kutuluka. Anandiyang'ana, n'kunong'ona: "Iwe, wachita chani? Si vinyalala ivo, ni mulch. Anaika dala."

Zophimbira nthaka ndinkazidziwa, koma za kumunda, ndi mapesi. Pakhomo ayi. Ndisanayankhe, mayi aja anafika pachitseko, nagwira mphuthu. Anayang'ana pansi pa mtengowo nthawi yaitali.

"Wamuika kuti?" anandifunsa.

"Ndani, amayi?"

"Mwamuna wanga."

Analongosola mosakweza mawu. Amuna awo anapempha kuti akadzamwalira thupi lawo lidzawotchedwe. Phulusa lake mayiwo analiwaza pansi pa mtengo umene malemuwo anadzala okha, naliphimba ndi masamba ndi makungwa kuti mphepo isaliulutse.

Kwathu womwalira amagona kumanda, ndipo njira yake aliyense amaidziwa. Sindinaganizepo kuti munthu angagone pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Ndinachita manyazi osaneneka, ndipo ndinagwada pomwepo kupepesa.

"Dzuka, mchengawo ukuwotcha," anatero mayiwo. "Galimoto ya zinyalala imabwera Lolemba. Akadali m'binimo."

Mwayi wake m'binimo munalibe china ndisanathiremo. Tinaigoneka pansi, ine ndi mnzanga, n'kuyamba kubweza zonse ndi manja, dothi poyamba, masamba pamwamba. Mayiwo anakhala pampando n'kumaloza ndi ndodo pamene paperewera. Titamaliza sanatipatse tiyi, ndipo sanatiperekeze pageti. Tinakakwera sitima kubwerera mutauni.

Mtsogoleri ndinakamuuza ndekha. Sanandikalipire, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anati chigamulo chili kwa mayiwo: akandikana, kuyesedwa kwanga kwathera pomwepo. Anawonjeza kuti mayiwo anatenga chaka chathunthu kuti avomere kulandira anthu m'nyumba mwawo, ndipo mwina tsopano atseka chitseko kwa gulu lonse. Ichi ndicho chinandivutitsa sabata yonse. Malaya obiriwira ndikanawavula, koma kusiya munthu ali yekhayekha chifukwa cha tsache langa sindikanadzikhululukira.

Lachinayi uthenga unabwera pafoni: akufuna awiri omwe aja.

Loweruka tinawapeza atakhala kale kuseri, paipi yothirira ili pamiyendo. Sanatchule za sabata yatha. Anandipatsa paipiyo, nati mawondo awo sawalolanso kufika pansi pa mtengo, ndipo ana awo amaopa kuyandikirapo.

"Iwe wamugwirapo kale ndi manja," anatero. "Thirira apo wagona. Pang'onopang'ono."

Ndinathirira Loweruka limenelo, ndi Loweruka lililonse mpaka ndinamaliza sukulu. Anandilumbiritsa m'gulu miyezi itatu ija itakwana, koma za mwambowo sindikumbukira zambiri.

Chaka chatha amayi anga anabwera kudzationa. Ataona masamba pansi pa mtengo wa kuseri kwathu anapukusa mutu, nati Australia yandisandutsa mlesi, n'kundifunsa tsache. Ndinawauza kuti linasowa. Lili pamwamba pa kabati, pamene sangafikire.