Mapu a m'thumba la jekete ya kaunjika

Matipate atangobwera, kaunjika anasefukira pamsika wa ku Boma, ndipo amayi anagulira abambo chijekete choti tikanakwanamo awiri. M'thumba lake munali chipepala chakale chopindapinda, chodzaza ndi timizere tokhotakhota. Ine wa folomu wani ndinangotha kuwerengapo kuti ndi mapu a dziko lina lakutali.

Abambo anachiyala pamphasa n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. "Mlimi ameneyu ngochenjera," anatero. "Taonani mmene wakhotetsera mizere yake kuzungulira phiri."

Iwo anakulira pa esiteti ya fodya, komwe mzere umawongoka ngati chingwe. Koma munda wathu wa ku Mkanda unali pamtsetse, ndipo mizere yowongokayo inkangoperekeza madzi kumunsi. Chigwembe chinali chitadya kale mbali ya mtedza, chikulunjika kuchimanga. Mundawo ukanatha tikanabwerera ku utenanti, komwe amayi analumbira kuti sadzapondakonso.

Chaka chimenecho tinalima mokhota. Chipepalacho ndinadana nacho kwambiri, sindibisa. Abambo ankachitulutsa m'thumba, kuyang'ana mtsetse, n'kundiuza kuti ndifafanize mzere wonse ndiyambirenso. Odutsa panjinga ankaima dala. "Achimwene, kodi khasu laledzera?" Abambo ankangoyankha kuti umenewu ndi ulimi wakunja.

Mvula inagwa yamphamvu. Madzi anakhazikika m'mizere, chigwembe chinaima pomwe chinali, ndipo oseka aja anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzabwereka chipepala. Abambo sankalola kuti chituluke pakhomo, aliyense ankaonera pakhonde.

Ndili folomu fili ndinazembetsa mapuwo n'kupita nawo kwa aphunzitsi a jogalafe. Anaseka mpaka misozi. Anati timizereto si ta khasu ayi, timangosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Dzikolo ndi chipululu cha miyala, mvula ndi yosowa, wolima kulibe. Pamene timizere tathithikana ndi pazigwembe zakuya zoti phiri lathu lonse lingabisalemo.

Ndinathamangira kunyumba ndi nkhaniyo, sukulu itandikwera m'mutu. Ndinawapeza abambo akutong'ola chimanga cha m'munda womwe uja, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye ukuti anajambula mizere yonseyi koma osailima?"

"Inde, ababa."

Anapukusa mutu, chisoni chenicheni chili pankhope. "N'chifukwa chaketu zigwembe zinawamaliza anthuwa. Akanabwera kuno tikanawaonetsa."