Tsiku Limene Mwana Wanga Anakana Kusayina

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Panali ine. Panali mwana wanga wachisamba, injiniya wa makina. Panali dokotala wa mano amene ankatchetcha udzu ndi thalakitala, mayi wina loya amene ntchito yake inali kuthamanga atagwira phiko la ndege, ndi nkhalamba ina imene kale inkayendetsa ndege zikuluzikulu koma tsopano inkakoka anzake ndi chingwe ngati ng'ombe ya pangolo. Wotsiriza anali bwana wa kampani ina ya migodi, amene ineyo ndinadzukira m'mamawa. Ntchentche sindikuziwerenga, ngakhale zinatiposa.

Malo ake ndi kalabu ya ndege zopanda injini, kuminda ya tirigu, maola awiri pagalimoto kuchoka kwathu ku Girrawheen, kuno kudziko la azungu. Eya, zopanda injini. Ine sukulu ndinalekera sitandade 3, koma ndinakhala makaniko ku Kanengo zaka makumi atatu, ndipo chinthu chopanda injini ife tinkachitcha sikirapu. Kuno anthu a madigiri amachikwera. Ndege ya nkhalamba ija imawakoka mpaka kumwamba n'kuwataya, iwo n'kumazungulira ngati akabawi osaka anapiye. Akatera amagwirana chanza.

Ndipo onsewo amagwira ntchito yaulere. Dokotala uja, mkati mwa sabata akangokuyasamulitsa ndiye kuti wadya thumba la feteleza. Loweruka umamupeza fumbi lokhalokha, akumwetulira. Loya amalemba mapepala onse a kalabu osalandira ngakhale chitumbuwa. Ndinafunsa ngati ndi chilango cha khoti. Akuti ayi, amakonda.

Iwowo ndi okhuta, achite. Nanga mwana wanga? Zaka za m'mbuyomo migodi inali pamoto. Ankapita kumpoto masabata awiri, n'kubwera thumba lili tho. Anagula nyumba, nandiitanitsa ine. Kenako miyala ya m'migodimo inatsika mtengo, anthu anachotsedwa ntchito ngati nsabwe, iyenso momwemo. Miyezi isanu ndi itatu ali pakhomo, akutidyetsa mpongozi wanga, nesi. Koma Loweruka lililonse mwamuna amanyamula tochi ndi kagalasi, kukayendera ndege za anthu olemera kwaulere. Lamulo lawo ndi lakuti ndege ikalumikizidwa mapiko sinyamuka mpaka wina wodziwa aione n'kusayina m'kabuku kake. Tsiku limenelo wodziwayo anali iye.

Mpongozi ndiye anandinong'oneza kuti mwamuna wake wafunsira ntchito kukampani ya bwana uja, ndipo amuitana Lachinayi. Ndinati basi, apa pakufunika munthu wamkulu. Ndinavala jekete, ndinanyamula botolo la tsabola wa kambuzi, poti kwa akuluakulu sapita chimanjamanja.

M'njira mwana anati, “Bambo, chonde, za ntchito musakatchule. Kumeneko kulibe bwana.”

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Malo opanda bwana alipo? Ngakhale kumanda kuli mkulu wa adzukulu.

Bwanayo ndinamupeza atavala kabudula ndi chipewa chakugwa, akutulutsa ndege yake m'ngolo yaitali. Ndinamugwira chanza ndi manja awiri. M'Chingerezi changa cha m'galaja ndinamuuza kuti mwanayu ndinamulera ndekha, samwa, saba, sayankha akulu. Mawu anga ndi aakulu, sindibisa. Dokotala anazimitsa thalakitala kuti amve bwino. Bwana analandira botolo, analiyang'ana uku ndi uku, nati zikomo, n'kuliika paudzu.

Analumikiza mapiko. Bwana ankangoyang'ana mitambo, akuti chaka chonse kunali kusanache chonchi. Mwana wanga anayamba kuzungulira ndege ija pang'onopang'ono, kugwedeza apa, kusuzumira apo. Atafika kumchira anagwada. Anaunika ndi tochi masanasana. Anagwedezanso. Kenako anaimirira n'kunena kuti pachitsulo chogwira mchira pali mng'alu, ndegeyi siuluka lero.

Ndinapita kukaona ndekha. Abale, mng'alu wake ngati tsitsi la khanda! Ine ndinamangapo sipuling'i ya lole ndi waya ndi malegeni, inakafika ku Chitipa itasenza chimanga, n'kubwerako.

Bwana anafiira khosi. Anati ndege imeneyi anaulukira mwezi watha, inalibe vuto. Mwana wanga anati mwina unalipo kale, koma iye wauona lero. Nkhalamba yokoka ija inabwera, inavala magalasi, inayang'ana, inangoimba kamluzu n'kubwerera kundege yake. Palibe amene anamunenerera bwana. Munthu wolemba anthu mazana ntchito anaima pamenepo ngati mwana wobwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifomu.

Pamenepo ndinayankhula Chichewa, kuti azungu asamve, ngakhale ndikuganiza kuti anamva mpaka kutauni.

“Iwe! Wapenga? Sayina!”

“Ayi, bambo.”

“Lachinayi ukakhala pamaso pa munthu ameneyu. Ukufuna mkazi wako azikugulira kabudula wamkati mpaka liti?”

“Bambo, tikambirana kunyumba.”

“Ndipatse waya ndimange ndekha. Mphindi khumi!”

Loya anandifunsa mwaulemu kuti ndikuti chiyani. Ndinamuuza kuti ndine makaniko, ndikhoza kukonza, ndiponso kwaulere, poti ndiwo mwambo wa pano. Anandifunsa ngati ndili ndi pepala. Pepala! Ndinamuonetsa manja angawa. Anawayang'ana ndithu, nati ndi manja abwino, ndimuthandize kunyamula phiko.

Ndi mmene ine, munthu wa jekete, ndinapezekera nditasenza phiko la ndege ya mzungu, kulibwezera m'ngolo, thukuta lili kamukamu, bwana mbali inayo osayang'ana munthu. Mwana wanga analemba m'kabuku kaja zimene anapeza, n'kumupatsa. Bwana anawerenga, anagwedeza mutu kamodzi, anakoka ngolo yake n'kumapita. Tsabola wanga anatenga dokotala wa mano.

Ndinene pano kuti ntchito ija mwana wanga sanaipeze. Lachinayi anapita, anamufunsa mafunso anthu ena, patapita masabata awiri anati apeza wina. Iye amati nkhani ziwirizi sizikhudzana. Ine ndinabadwa kale.

Pobwerera tsiku lija sindinamupatse mpata. Ndinamukumbutsa masipanala amene ndinagwira kuti iye aphunzire. Ndinati ndinatumiza mwana kusukulu kuti akakhale injiniya, andibwezera mlonda wa zidole za anthu olemera, mlonda wake wosalipidwa, woluma ndi mwini nyumba yemwe. Anangoyendetsa galimoto, minda ya tirigu ikutha, nyumba zikuyamba. Titaima pakhomo anazimitsa injini, koma sanatsike.

“Bambo,” anatero, “kumgodi ankandilipira bwino, ndiye ndikati makina awa aime, ankandiitanira mu ofesi kuti ndikaganizenso. Ndipo kangapo konse ndinaganizanso, sindigona nazo. Kukalabu kuja sandipatsa kanthu, ndiye palibe chimene angandilande. Ntchitoyo mwina yapita. Loweruka ndipitanso, koma inuyo mudzatsale.”