Vani ya Denga Lalitali

Msana ndi umene unandichotsa ku ntchito ya keya. Zaka zonse zimene ndinasamalira okalamba m'nyumba ina ku Edgbaston, mumzinda wa Birmingham, ndinkangokhalira kuwerama, powadzutsa, powasambitsa, powamanga nsapato. Mapepala anga okhalitsa atatuluka, ndinauza achimwene anga kuti ndikufuna kugula vani ndizinyamula katundu wachangu. Ntchito yake ndi yoti makina akaima pafakitale chifukwa cha chitsulo chimodzi, amakuimbira foni, iwe n'kukachitenga kumene chili n'kukachitula tsiku lomwelo. Mwamuna wa mnzanga wa ku Zambia, amene ankagwira ntchito yomweyo, anandilangiza kuti ndigule ya denga lalitali, chifukwa yaifupi imakana katundu wamtali wosanjikidwa pa mapaleti, matabwa onyamulirapo katundu aja, ndiye ntchito zabwino zimakupitirira. Ine ndinalinso ndi chifukwa changa. Ndinkafuna kuti ndikalowa kumbuyo kukamanga katundu ndiziima chilili.

"Msana womwewo ndiye ukanyamule mapaleti?" anatero achimwene.

"Amakweza ndi makina, achimwene. Ine kwanga n'kumanga malamba ndi kuyendetsa."

Achimwene ndi amene anayamba kubwera kuno. Amagwira ntchito ya muofesi m'tauni, ndipo nditangofika ndinkagona kwawo ku Kings Heath. Maganizo angawo sanawakonde, koma ataona kuti sindisintha, anangoitenga nkhaniyo ngati yawo. Sabata isanathe anandiimbira kuti vani yapezeka. Inali ya bambo ena achikulire, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, amene ankasiya ntchito kuti azibwerera kumudzi. Bambo amenewa ndi omwe anawasunga achimwene atangofika ku Birmingham, asanadziwe ngakhale pokwerera basi.

"Ndawauza kale kuti titenga," anatero. "Loweruka tingokaiona mwamwambo."

Mawu oti titenga aja sanandisangalatse.

Loweruka kunacha ndi mphepo yamphamvu, yogwetsa mabini m'misewu. Bambo aja ankakhala ku Small Heath, mu kamsewu kopanikizana ka nyumba zogundizana, magalimoto atandandana mbali zonse ziwiri. Vaniyo inaima pakhomo pawo penipeni, yoyera, yotsukidwa bwino, yaitali moti inkatchinga windo lapansi lonse. Ananditsegulira zitseko zakumbuyo ndipo ndinakwera. Ndinaima mowongoka mutu osagunda, ndinakweza dzanja n'kungokhudza denga ndi nsonga za zala. Mtima wanga unaikonda pomwepo. Koma munali kafungo ka chinyezi, ndipo thabwa lapansi chakutsogolo linali lakuda pakona imodzi.

"Apa panatani, bambo?"

"Kasitomala wina anatayira mankhwala otsukira. Musadandaule, mwanangu, injini yake ndi mkango."

Tinakwera tonse atatu kutsogolo, ine pachiwongolero, bambo aja pakati, achimwene kukhomo. Ndinali ndisanayendetsepo chinthu chachikulu choncho. Ndinkaona madenga a magalimoto ena pansi panga, ndipo nditayang'ana pagalasi lapakati mwachizolowezi ndinapeza palibe, kumbuyo kwanga kunali khoma lachitsulo basi. Titalowa mumsewu waukulu wopita ku Coventry mphepo inaimenya cham'mbali, vani yonse n'kusuntha ngati wina waikankha ndi phewa. Ndinagwira chiwongolero mpaka zala kuwawa.

"Imatero ikakhala yopanda katundu," anatero bambo aja. "Mukaizolowera simumvanso. Khotani kumanzere apa, tidule njira."

Ndinakhota. Msewu unayamba kuchepa, kenako unatsetsereka, ndipo kumapeto kwa chitsetsocho kunali mlatho wa sitima, wa njerwa zakuda. M'mphepete mwake munali mizere yachikasu ndi yakuda, yokalikakalika, ndipo pakati panali chikwangwani chozungulira chofiira m'mbali, chosonyeza kutalika kwa galimoto yololedwa kudutsa. Nambalayo ndinaiwerenga bwinobwino. Chimene sindinkadziwa chinali kutalika kwa vani imene ndinali kuyendetsa. Ndinachotsa phazi pamafuta.

"Bambo, vaniyi ndi yaitali bwanji?"

"Imadutsa."

"Koma nambala yake ndi chani?"

"Mwanangu, ine ndayenda misewu ino inu musanabwere. Pitani."

Ndinaponda mabuleki, vani n'kuima pang'ono chabe kuti ifike pamlatho. Kuchokera pampando wanga njerwa zija zinkaoneka ngati zili pamphumi panga. Kumbuyo hutala inalira, kenako ina, kenako zambiri. Pagalasi lam'mbali ndinaona mzere wa magalimoto ukukwera chitunda chonse.

"Pita, iwe," anatero achimwene mano ali okukuta. "Eni ake akuti imadutsa."

"Sindipita."

"Ukufuna apolisi atipeze pano?"

"Abwere. Ndikagunda mlatho wa sitima, laisensi yopita ndi yanga."

Mzungu wina anatsika m'galimoto yake n'kubwera pawindo langa akukalipa, manja ali m'mwamba. Sindinatsitse galasi. Pamwamba pathu sitima inadutsa, vani yonse n'kunjenjemera. Bambo aja anati ndisunthe ayendetse okha. Ndikanatha kuvomera, koma kutsika pamenepo, pamaso pa anthu onse aja, ndinaona kuti sindidzakweranso vani moyo wanga wonse. Ndinaika giya yobwerera m'mbuyo.

Amene anatithandiza ndi bambo wina wa butchala ya halali yomwe inali pakona. Anatuluka atavala epuloni yake, anaimitsa magalimoto, n'kuwabweza imodziimodzi mpaka panapezeka mpata. Kenako anaima poti ndizimuona pagalasi, akundikodola ndi dzanja. Ndinabwerera pang'onopang'ono pakati pa magalimoto oimikidwa, galasi langa likupita pafupi ndi magalasi awo moti ndinkayembekeza kumva kuphwanyika nthawi iliyonse. Thukuta linkatsika mumsana ngakhale kunali kozizira. Nditafika pamphambano anamenya mbali ya vani kawiri ndi chikhatho, n'kubwerera kukagulitsa nyama yake. Sindinapeze ngakhale mpata womuthokoza.

Tinabwerera kunyumba kwa bambo aja. Titafika, mayi a m'nyumbamo, akazi a bambo aja, anali atakonza tiyi ndi mandasi pabalaza. Tinakhala pansi. Achimwene anayamba kupepesa m'malo mwanga, kuti ndine wamantha, sindinazolowere. Ine maganizo anali pa thabwa lakuda lija. Madzi akanyowetsa pansi pa vani yotsekeka, ndiye kuti achokera kumwamba.

"Bambo, muli ndi makwerero? Ndimafuna ndione padenga."

Achimwene anaika kapu pansi. "Ukundichititsa manyazi," anatero chapansipansi.

"Makwerero ndinabwereketsa," anayankha bambo aja, maso ali pa mbale ya mandasi.

Kenako mayi aja anadzuka n'kunena kuti, "Mwanangu, tabwerani mundithandize kutsitsa sutikesi m'mwambamu." Ndinawatsatira pamasitepe opapatiza. Kuchipinda kwawo kunalidi masutikesi ndi makatoni omangamanga a ulendo wakumudzi, koma sanandilozere ngakhale imodzi. Anapita pawindo, anakoka katani, n'kuima pambali.

Denga lonse la vani linali pansi panga. Chakutsogolo linali lophwanyika ngati chitini chopondedwa, atawongola mwa apo ndi apo. Pamsoko anamatapo zomatira zotuwa n'kupakapo penti woyera wosiyana ndi winayo, ndipo pamene panatsala polowa m'kati panali madzi a mvula, mphepo ikuwagwedeza.

"Ndinawauza bambowa kuti anene za dengali," anatero mayi aja ali kumbuyo kwanga. "Anagunda chitsulo cha polowera kupaki ya magalimoto. Kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso bwino mumtima. Maso ayamba kuwavuta, koma safuna anthu adziwe."

Ndinatsika masitepe aja pang'onopang'ono, ndikusakasaka mawu. Kwathu sitinaleredwe kuti tizitsutsa munthu wamkulu m'nyumba mwake, titamwa tiyi wake. Ndinakhala pampando, manja pamaondo.

"Bambo, zikomo kwambiri potilandira. Koma vaniyi sinditenga. Denga likudontha, ndipo katundu amene ndizinyamula ndi wa eni ake."

"Zimenezo n'zakale, anakonza," anatero. Sanakweze mawu. Anayang'ana akazi awo amene anaima pakhomo la kukhitchini, kenako anayang'ana achimwene. "Mwana wanga, si paja unati mwagwirizana?"

Ndinawaona achimwene akuvutika pakati pa ine ndi munthu amene anawapatsa pogona, ndipo ndinawamvera chisoni, koma sindinabweze mawu anga. Tinatsanzika mwaulemu wonse. Titakwera galimoto yawo, achimwene anayendetsa mpaka pa siteji ya basi n'kuima.

"Tsika. Ndili ndi kwina kopita."

Ndinatsika. Basi inachedwa, ndipo ndinalira pang'ono pasitejipo, nkhope nditalozetsa ku chikwangwani cha nthawi za mabasi kuti anthu asaone.

Kutchalitchi nkhani inafika ine ndisanafike. Amayi ena ankandipatsa moni wa nsonga za zala. Wina anandiuza kuti mapepala andilowa m'mutu. Za denga sindinauze aliyense, chifukwa ndikanatero ndikanawaika mayi aja pamoto. Achimwene anasiya kuyankha mafoni anga. Mpaka lero sindidziwa ngati vani ija ikanadutsa pansi pa mlatho uja. Mwina ikanadutsa.

Yanga ndinakaigula ndekha ku West Bromwich, pamalo ogulitsira mavani akale. Ndinapita ndi tepi yoyezera m'chikwama. Wogulitsayo anaseka nditapempha makwerero, koma anabweretsa, ndipo anandigwirira ndikukwera. Denga linali losalala, la fumbi lokhalokha. Tinayeza kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndinalemba nambalayo pa kapepala n'kumata pafupi ndi chiwongolero. Inali yakale kuposa ija, mpando wake wong'ambika, chitseko cham'mbali cholimba potsegula. Ndinaitenga.

Ntchito yoyamba inali yochokera ku fakitale ina ku Dudley kupita ku Coventry, bokosi lalitali lamatabwa lokhala pa paleti. Woyendetsa makina okwezera katundu anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga kufuna dalaivala wamwamuna. Atabweretsa bokosilo pakhomo la vani linkaoneka lalitali kuposa khomolo. Analitsitsa pang'ono, n'kulilowetsa, pamwamba n'kutsala mpata wongokwana dzanja. Ndinamanga malamba, ndinawakokanso kachiwiri, n'kunyamuka.

Patapita miyezi, bambo aja ndi akazi awo atapita kale kumudzi, alamu anga, akazi a achimwene, anandiimbira. Anati agula filiji yaikulu kwa munthu wina ku Solihull ndipo m'galimoto yawo singalowe.

"Achimwene anu akuti ndikufunseni ngati Loweruka muli ndi mpata."

"Iwowo pakamwa pawatani?"

"Ali pompano, akumva."

Loweruka ndinawapeza achimwene ataima panja, atavala magolovesi a kumunda. Anakwera osandiyang'ana, anavutika ndi lamba, kenako anayamba kundiuza njira ngakhale foni inali ikunena kale. Filijiyo tinaikweza movutika, iwo kumunsi ine kumtunda, tikukangana za mbali yoyambira. Pobwerera anagula tchipisi pa shopu ina, tinadyera m'vani momwemo titaimika pambali pa msewu, ndipo anandifunsa ngati Loweruka linalo ndingawathandizenso kukataya sofa yakale.