Shuga wa M'thumba la Epuloni

Mayi a Tiyi anachenjezedwa Lolemba, pamaso pa makapu awo omwe. Abwana aakulu sanawaitanire ku ofesi ayi, anachita kutsika okha mpaka m'kakhitchini ka kunsi kwa masitepe, n'kuyamba kutsegula makabati ndi kugwedeza chitini chilichonse.

"Mayi, mwakulira pano ndipo timakulemekezani," anatero abwanawo. "Koma ndikangomvanso kuti mukuyendetsa shuga m'nyumba muno, epuloniyo mudzavula tsiku lomwelo. Tamvana?"

"Tamvana, bwana."

Ankayankha choncho shugayo ali pamimba pawo penipeni, m'kapepala ka pulasitiki, mkati mwa thumba la epuloni. Mtima unkagunda moti ankaopa kuti kapepalako kachita phokoso.

Mayiwa anabwera pakampanipo ali mtsikana, ntchito yawo ili yokolopa. Ketulo anailandira atamwalira agogo ena amene ankaphika tiyi kale, ndipo kuyambira pamenepo anadziwa lilime la munthu aliyense m'nsanjika zonse za nyumbayo: wa masupuni atatu, wa mkaka wambiri, wofuna tiyi wakuda bii ngati mankhwala. Dzina lawo lenileni linatsala m'mafaelo. Kwa onse anali Mayi a Tiyi basi.

Zinthu zinasintha dalaivala wina atagwa pabwalo la magalimoto, munthu wa ana aang'ono, n'kufera m'njira ya kuchipatala. Akuti magazi ankathamanga kwambiri iye osadziwa. Akuluakulu anachita mantha, n'kulemba ntchito mtsikana woona za umoyo, wamiyendo ngati ndodo, wezulo ili m'khosi. M'mawa uliwonse mtsikanayo ankandandika anthu pabwalo, manja m'mwamba, manja pansi, mimba zikugwedera, mataye akuuluka. Firiji ya zakumwa zotsekemera inatuluka. Mabisiketi a pamisonkhano anasanduka nthochi. Lachinayi chikepe chinkakhomedwa, aliyense akwere masitepe ndi miyendo yake. Mapeto ake shuga anachoka pathireyi.

Musaganize kuti Mayi a Tiyi ankatsutsa zimenezi chifukwa cha umbuli. Kunyumba anali ndi mwamuna amene anafa ziwalo mbali imodzi, munthu amene kale ankathira mchere asanalawe n'komwe. M'mawa uliwonse asananyamuke ankamuwongola dzanja lopuwalalo, chala chimodzichimodzi, iye akutukwana chapansipansi. Ankadziwa kuti mtsikana wa wezulo akunena zoona. Koma kapu yobwerera kukhitchini ili theka inkawapweteka ngati mwano. Ndiye mlembi wina atawanong'oneza kuti, "Mayi, ka supuni kamodzi kokha, ndifa ine," anagula shuga wawo n'kuyamba kuthira mobisa. Mawa lake opempha anali atatu. Pakutha pa mwezi theka la nyumbayo linkatsokomola mwachizindikiro thireyi ikamadutsa.

Ndiye wina mwa omwewo anakawanenera. Anthu! Pakamwa pakadali potsekemera, n'kukwera masitepe kukaneneza amene wakutsekemeretsa.

Kuyambira Lolembalo shuga uja anasanduka khala la moto. Kumutaya m'bini sakanatha, chifukwa okolopa amaona zonse. Kupita naye kunyumba sakanathanso, chifukwa mlonda wa pageti amasecha zikwama, ndipo pakamwa pake ndi pobooka. Choncho ankagona m'epuloni, epuloniyo n'kukhomeredwa m'bokosi lawo la loko, m'mawa n'kubwereranso pamimba. Otsokomola ankatsokomola, mayi osacheuka. Ntchito imeneyi ndi imene inkagula mankhwala a bambo kunyumba, ndipo pa msinkhu wawo palibe akanawalembanso kwina.

Lachinayi m'mawa anafika ndi thireyi kuchipinda cha mafaelo. Mmenemo munkakhala bambo wina wachikulire, woonda, wosalankhulalankhula, amene onse ankamutcha a Mafaelo. Zaka zake zopumira ntchito zinali zitakwana kale, koma ankamuwonjezera chaka chimodzichimodzi chifukwa sankadwala. Pa anthu onse m'nyumbamo, ameneyu yekha ndi amene sanamwepo tiyi wa shuga chiyambire, ngakhale nthawi imene shuga ankakhala poyera.

"Mayi," anatero a Mafaelo, maso ali pakhomo. "Muli nako ka shuga? Supuni imodzi."

Mayi a Tiyi anayamba kukayikira. Munthu wosamwa shuga moyo wake wonse, n'kudzapempha sabata yomweyi? Ameneyu watumidwa. Mwinanso wondinenera uja ndi yemweyu, phee wakeyu.

"Shuga analetsa, bambo. Simunamve?"

"Ndamva. Koma lero m'thupimu..."

"M'thupimo mukauze mtsikana wa wezulo. Ine wanga ndi tiyi."

Anaika kapu patebulo mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira m'sosa. Anaona ndithu kuti dzanja la bamboyo likunjenjemera potenga kapuyo, koma anati n'chikumbumtima cha kazitape. Anatuluka akudziyamikira kuti msampha auzemba.

Chakumasana wezulo inalira, kuitana anthu kuti akwere masitepe onse pamodzi, kuchokera pansi mpaka pamwamba, abwana aakulu ali patsogolo ndi nsapato zawo zatsopano zothamangira. Mayi a Tiyi ankatsuka makapu, akumva mapazi akugunda pamutu pawo. Kenako mapaziwo anasiya. Kunamveka mawu a mkazi akukuwa.

Anakwera manja ali ndi thovu. Pokhotera masitepe a nsanjika yachitatu anthu anali atadzaza, ndipo pakati pawo a Mafaelo anali atakhala pansi, atatsamira khoma. Malaya anali atanyowa chonyowa, nkhope itatuwa, milomo ikuyenda koma mawu akutuluka ngati a munthu woledzera.

Mtsikana wa wezulo anali atagwada pambali pawo. "Bambo, mumadwala shuga? Mumabaya jakisoni?"

A Mafaelo anakweza maso, anaona abwana aakulu ataima pamwamba pawo, n'kupukusa mutu.

"Akukana, koma izi ndi za shuga wotsika," anatero mtsikanayo. "Ambulansi aitana, koma ichedwa. Ndani ali ndi switi? Chakumwa chotsekemera? Chilichonse! Akakomoka sitingathenso kuwamwetsa kanthu."

Anthu anapapasa m'matumba. Munatuluka makiyi, mafoni, mabotolo a madzi. Nthochi za msonkhano zinali zitatha dzulo lake. Wina anathamanga kuti akagule kusitolo, koma sitoloyo ili kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo chikepe n'chokhoma. Nyumba yonseyo, nsanjika zonsezo, munalibe ngakhale switi imodzi.

Ndiye maso anayamba kubwera. Mlembi uja anayang'ana Mayi a Tiyi chakumbali, n'kugwetsa nkhope. Wa makompyuta chimodzimodzi. Onse otsokomola aja ankadziwa chimene chili m'epuloni, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa. M'maganizo mwawo mayi anaona dzanja la mwamuna wawo lili pabulangete, anaona mabotolo a mankhwala pawindo. Anaganiza kuti wothamanga uja mwina afika msanga. Anadikira. Mulungu awakhululukire, anadikira ndithu.

Mutu wa a Mafaelo unayamba kugwera paphewa.

"Bambo! Musagone!" Mtsikanayo ankawamenya patsaya.

"Tapatukani," anatero Mayi a Tiyi.

Anapisa dzanja m'epuloni. Kapepala kaja kanachita phokoso lake lonse limene kanasunga kuyambira Lolemba. Mtsikanayo sanafunse kanthu, anangokatsomphola, n'kukhuthulira shuga m'botolo la madzi, n'kukhutchumula. Mayi anagwira mutu wa bamboyo pachifuwa pawo, akuwamwetsa pang'onopang'ono ngati mwana.

"Mezani, bambo. Mezani, chonde. Ndi uja munapempha uja."

Panapita nthawi imene inaoneka ngati chaka. Kenako maso a a Mafaelo anayamba kuona anthu, manja anasiya kunjenjemera, ndipo anapempha kuti wina awapatse magalasi awo. Anthu anapumira pamodzi. Ena anayamba kuseka, kuseka kwa mantha kuja.

Abwana aakulu sanaseke. Anatola kapepala kopanda kanthu kaja pasitepe, n'kukatembenuza.

"Mayi, tinagwirizana chiyani Lolemba?"

Mayi a Tiyi anayamba kumasula chingwe cha epuloni kumbuyo.

"Ndi wanga."

Anali a Mafaelo, mawu ali osasa.

"Shugayo ndi wanga, bwana. Ndinawasungitsa ndine. Ndimadwala shuga, ndipo ndadwala zaka zambiri. Jakisoni ndimabayira kuchimbudzi, kuti musadziwe. Lero ndinabaya osadya bwino, ndiye masitepewa andipeza. Mayiwa musawakhudze."

Abwanawo anayang'ana bamboyo nthawi yaitali, n'kuyang'ananso mayi. Kaya anakhulupirira kaya sanakhulupirire, akudziwa okha. Anapinda kapepalako n'kukaika m'thumba.

"Mangani epuloniyo, mayi," anatero. "Inu bambo, mukatuluka kuchipatala mukapume kunyumba kaye. Za chaka chamawa tidzakambirana."

Aliyense pamasitepepo anamva tanthauzo la kukambirana kumeneko.

A ambulansi atafika, mayi anatsika nawo mpaka pabwalo, atanyamula jekete la bamboyo. Pakhomo la galimoto anawerama.

"Bambo, mwadziphera ntchito chifukwa cha ine? Ine amene ndinakumanani?"

"Munkayesa ndatumidwa, eti?" A Mafaelo anamwetulira mofooka. "Tonse timabisa, mayi. Ine ndatopa nako kubayira kuchimbudzi."

Lachisanu m'mawa, m'bokosi la mankhwala la pansanjika iliyonse munali kabotolo ka shuga, ndipo mtsikana wa wezulo, maso ali ofiira, anayamba ndi kupempha kuti amene ali ndi matenda aliwonse adzamuone payekha asanakwere masitepe. Chipinda cha mafaelo chinali chokhoma.

Mayi a Tiyi anali asanaimepo pamzere wa masewera chiyambire, ankati ntchito yawo ndi masewera kale. Tsiku limenelo anazimitsa ketulo, n'kutuluka ndi epuloni yawo, n'kupita kumapeto kwa mzere wakumbuyo, pafupi ndi mpope, pamene a Mafaelo ankaima masiku onse. Wa makompyuta anafuna kusunthira pomwepo.

"Pali munthu apa," anatero mayi.

Wezulo inalira. Anakweza manja m'mwamba limodzi ndi anzawo, misozi ikutsikira m'khosi, ndipo sanaipukute.