Kachitini ka Apongozi Anga

Linali Lachiwiri, 4 koloko madzulo, pamene ndinavomera kutsatira bambo a Tadala ku Glasgow. Anali atakhalako zaka ziwiri akusamalira okalamba. Ndinayankha pa foni kuti chabwino. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo ngakhale ku Lilongwe ndinali ndisanagoneko.

Tsiku lotsanzika, apongozi anga aNaphiri anandiitanira kuchipinda. Mayi amenewa ndinkawaopa. Zaka zinayi zimene ndinakhala pakhomo pawo ku Ntcheu, mawu anga anali "ee" ndi "zikomo" basi. Anatulutsa kachitini kozungulira. M'katimo munali filimu ya malemu amuna awo, imene mnzawo anajambula atangobwera kuchokera ku Joni. Makina oonetsera anafa kalekale, ndipo chithunzi china cha malemuwo kunalibe.

"Kumeneko makina aliko," anatero. "Mukandiikire mu foni, ndidzawaonenso. Ndapatsa inu, amake Tadala, osati mwana wanga."

Ku Dennistoun, dera la mu Glasgow, tinkakhala chipinda chapamwamba, ndipo ine ndinkakolopa m'maofesi. Ndalama zinkathera ku lendi, gasi ndi feteleza wa kumudzi. Masiku ena munthu yekhayo amene ndinkalankhula naye anali Tadala, koma nayenso atayamba sukulu ankandiyankha m'Chingelezi chothamanga. Kachitini kanakhala m'sutikesi zaka ziwiri. Ndinkaopa ngakhale kukatsegula.

Kenako apongozi anatumiza uthenga wa mawu. "Kodi makina anatha kumeneko? Maso angatu ayamba kuchita chifunga."

Mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti pali makampani oika mafilimu mu foni, koma umachita kutumiza pa positi. Ndinakana. Nanga ikasochera? Anandichenjezanso kuti pulojekita, makina oonetsera aja, ikakhala yolakwika imang'amba filimu, ndipo ikaima babu likuyaka, filimuyo imapsa. Anandilozera sitolo ya zinthu zakale.

Ndinadutsa pakhomo pa sitoloyo kawiri ndisanalowe. Mwini wake, bambo wachikulire wa ndevu, anayang'ana timabowo ta m'mphepete mwa filimu, n'kundionetsa mapulojekita atatu. Ya mapaundi 25 anali asanaiyese. Ya 60 inali ndi lamba watsopano, inkagwirizana ndi timabowo tathu, komanso inali ndi posinthira liwiro kuti chithunzi chisamaphethire pojambula ndi foni. Ya 140 inali ndi sipika. Analoza sipikayo n'kupukusa mutu, akunena zambiri zimene sindinamve. Ndinachita manyazi kufunsa. M'chikwama ndinali ndi 70. Ndinatenga yapakati.

Loweruka masana tinatseka makatani, tinaimika foni pa mabuku a Tadala, ine chala chili pozimitsira. Makina anayamba kulira kuti tete-tete-tete. Pakhoma panaoneka mnyamata wamtali wovala chipewa, ataima pafupi ndi njinga. Panabwera mtsikana woseka, ndipo ndinazindikira kuti ndi apongozi. Milomo yawo inkagwedera, koma mawu kunalibe.

Ndinakumbukira sipika ija.

"Mafilimu akale ambiri analibe mawu," anatero bambo a Tadala. Ine ndinaona ngati akungonditonthoza. Mumtima ndinkati ndaumira ndalama, makina otchipa afufuta mawu a munthu amene sadzalankhulanso. Kwa miyezi itatu sindinatumize kanemayo. Apongozi akaimba, foni ndinkapatsa Tadala.

Tinapita kumudzi mu Ogasiti. Titangopuma, ndinagwada pakhonde, n'kuwabwezera kachitini ndi manja awiri.

"Amayi, ndalakwa. Zithunzi zilipo, koma mawu ndawononga."

Anatenga foni n'kuiyandikizitsa kumaso. Achemwali awo ndi anthu oyandikana nawo anaunjikana kumbuyo. Mnyamata wa chipewa uja atangooneka, pakhonde panabuka phokoso.

"Ndi iwowo! Taonani miyendo ngati kakowa!"

"Njinga ija anagwa nayo pa dambo!"

Apongozi anaika chala pa milomo ya amuna awo. "Apa akuti, 'Basi, achimwene, zimitsani, anthu akundiyang'ana.' Apa ndi ine, ndikuwauza kuti avule chipewa." Anaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inapitirira yokha.

Atapukuta maso anandiyang'ana. "Mawu ati amene mwawononga? Filimuyi inali duu chiyambire. Ndiponso bambowa mukanamva chiyani? Anali ngati inu. Pondifunsira anangoima pa chitsime masiku atatu, osanena kanthu."

Onse anaseka. Ine ndinali chigwadire.

"N'chifukwa chake ndinapatsa inu," anatero. "Mwana wangayu ndi waphuma, akanaiotcha tsiku loyamba. Munthu wamantha amagwira chinthu bwino."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti kusalankhula kwanga kumawanyansa. Sindinkadziwa kuti pakhomopo panakhalapo kale munthu wotero, ndipo ankamusowa.

M'mawa mwake ndinasesa pabwalo, n'kuwapeza akuothera dzuwa. Ndinakhala pamphasa yawo popanda kuitanidwa. Ndinabwereka foni ya bambo a Tadala kuti ijambule mawu, pa yanga n'kuyambitsanso kanema.

"Amayi," ndinatero, "tayambirani poyamba. Apa akuti chiyani?"