Tinamufupa Nzimbe Atagonja

Sabudu, Loweruka lapitali, ndinaona anthu a ku Fingoe atanyamula munthu pamapewa chifukwa choti wagonja. Munthuyo ndi Lusiyano, mwana wa mlongo wanga, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale m'malo.

Ambiri a inu kiriketi mumangoimva, choncho ndikuuzeni pang'ono. Anatibweretsera ndi Pulofesolo Mwanza, mphunzitsi amene anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo. Wina amaponya mpira wolimba kuti agwetse timitengo titatu, wina amatchinga ndi thabwa n'kuumenya. Ukaumenyera m'mwamba, mdani n'kuuwakha usanagwe pansi, watuluka, kakhale pansi. Lamulo losavuta, koma ife kuno tinalikana.

Lusiyano amamutcha "wa zonse", poti amaponya, amamenyanso. Koma tinene zoona, abale. Chimene Mulungu anampatsa mwanayu ndi mkono woponya. Mpira wake umati ukagunda pansi n'kukhota ngati wina wauitana, womenya n'kungotsala kukamwa yasa. Nanga kumenya? Amamenya ngati akuwaza nkhuni. Kungoti tsiku lina chaka chatha zinamuyendera, mpira unakagwera kuseri kwa mlambe. Kuyambira pamenepo mwana tinamutaya.

Mukuudziwa mwambo wathu wofupa. Wovina akadula bwino, timamufupa. Mwambo umenewu tinapita nawo ku kampu ya shikola, bwalo la masewera la pasukulu, osaufunsa ngati ukukwana. Mpira ukangokwera m'mwamba, nthungululu, amayi kuthamanga ndi nzimbe, mazira ophika, nthochi. Koma akaponya mwaluso n'kugwetsa timitengo, anthu ali zii, ena akutsatsana malonda a zitumbuwa. Inuyo mukanakhala mnyamata wa zaka zake, mukanasankha chiti?

Anasiya kuyeserera kuponya. Madzulo alionse thabwa m'manja, akupempha anzake kuti amuponyere.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera bambo wina wa ku Tete kudzasankha anyamata oti akasewere kumzinda, shikola n'kumakawalipirira komweko. Kwa Lusiyano khomo linali lomweli. Mayi ake ndi wamasiye, munda wake ndi wa miyala, ndipo anzake onse a mwanayu analowa kale m'maenje a golide.

Pulofesolo Mwanza anamuuza ine ndili pomwepo. "Lusiyano, akufuna woponya. Omenya ali nawo ambirimbiri ku Tete."

"Apulofesolo, anthu amabwera kudzaona ine ndikumenya," anayankha choncho.

Ndinayesanso ine kunyumba. Akuti, "Amalume, inu thabwa munaligwirapo?" Mlongo wanga naye anandidula pakamwa: "Achimwene, mwana akamatchuka musamam'thyole miyendo." Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma masiku ano ukamutsina khutu munthu, umatchedwa wansanje.

Tsiku lija linafika. Mlendo wa ku Tete uja anakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, fumbi la mota, njinga yake yamoto, lidakali m'tsitsi. Lusiyano analowa ndi thabwa, anthu akuimba dzina lake. Mpira woyamba anauphonya. Wotsatira anaumenya ndi mphamvu zake zonse, unakwera, unakwera, n'kutsika bwinobwino m'manja mwa mnyamata wa ku Chipera amene sanasunthe n'komwe phazi.

Watuluka. Koma kampu yonse inalowa m'bwalo. Anamunyamula, amayi akulira nthungululu, wina anamupachika mtolo wa nzimbe. Iye akuseka. Ndinayang'ana mlendo uja, ndinamuona akuyang'ana pansi, ndipo manyazi anandigwira ngati ndavulidwa pamsika.

Itakwana nthawi yoponya, mkono unali utaiwala mwini wake. Mpira wina unapita kumbali, wina pamwamba pa mutu. Kukhota kuja kunalibe. Mlendo anatenga mnyamata wa ku Chipera ndi wina wa ku Malowera, anakwera mota, ulendo.

Tsono amene anagonja ndani? Ine ndikuti Lusiyano sanadzinamize yekha. Tinamunamiza ndife, ndipo tinamunamiza mwachikondi, zomwe n'zoopsa kuposa chidani.

Ndipo si pa kiriketi pokha. Ife timafupa chimene chamveka phokoso. Mnyamata akatola golide kamodzi n'kugula mota, mudzi wonse umamudziwa dzina. Amene wadzaza nkhokwe chaka ndi chaka, palibe womuimbira. Mlaliki wofuula timati ali ndi Mzimu, woyendera odwala mwakachetechete timangomudutsa. Pamsonkhano timaombera m'manja wolonjeza mlatho, osati amene anathira miyala pa chithaphwi kuti njinga zidutse. Kenaka timadabwa kuti ana athu onse akumenyera m'mwamba.

Ndikanakonda kukuuzani kuti tidzasintha. Sindikuona. Pulofesolo Mwanza watopa, akuti mwina aitanitse anthu awafotokozerenso lamulo lija. Adzabwera, adzagwedeza mitu, ndipo mpira ukadzakweranso adzathamanganso ndi nzimbe.

Lachitatu m'mawa Lusiyano anamanga bulangeti ndi poto pa njinga ya mnzake. Mayi ake anaima pakhomo, misozi ili chuchuchu. Iye anandipatsa thabwa lija. "Amalume, mundisungire." Sanandiyang'ane kumaso.

Dzulo pamsika anandiimitsa bambo wina wogulitsa fodya, mmodzi mwa amene anamunyamula. Nkhope ili ngwee. "Akulu, mphwanu uja ndi chilombo. Mpira uja unapitirira mlambe kutalika kwake. Adzaseweranso liti?"

Ndinamuuza kuti mwanayo ali kumaenje, mkono woponya uja ukugwira piki pansi pa nthaka.

"Aa, zachisoni," anatero. "Womenya ngati uja sitidzamuonanso."

Nanga munthu wotere umuyankhe chiyani?