Chifunga chachiwiri cha agogo Asiyatu

Fungo la kampango wowamba likandipeza, ndimaona agogo Asiyatu, amayi awo a mayi anga, atakhala pa uvuni wawo ku Malengachanzi, utsi ukuwazinga, nkhuni zikuthetheka, iwo akutembenuza nsomba ndi zala zosaopa moto.

Anali ndi ng'ala m'maso. Atawachotsa ng'alayo kuchipatala, anawapatsa kabotolo ka mankhwala odontheza n'kuwauza kuti adzabwerenso. Koma agogo sankadziwa kumana. Aliyense woyabwidwa maso ankabwera, iwo n'kumudonthezera ngati akugawa mchere. Kabotolo kanatha msanga, ndipo kuchipatala sanapondekonso.

Patapita zaka, chifunga chinabwerera m'maso mwawo. Anabisa. Ndinazindikira tsiku limene anaphika mpunga wodzaza miyala, iwo amene ankaseka akazi osadziwa kupeta.

"Agogo, simukuona."

"Tseka pakamwa, iwe. Adokotala akandifunsa za mankhwala awo ndikayankha chiyani? Ndadzipha ndekha."

Amalume anati ng'ala yameranso, palibe chochita. Mayi anali ku Dwangwa, kuntchito ya nzimbe. Wogwira agogo dzanja ndinakhala ine, ndipo sukulu inathera pomwepo, Sitandade 7. Musandiuze kuti chinali chikondi. Palibe anandifunsa.

Tsiku lina agogo anagwira khala lamoto poyesa kuti ndi nsomba. Ulemu ndinauika pambali. "Mawa tikupita, mufune musafune."

Kuchipatala anatitumiza kwa dokotala wa maso ku Lilongwe. Njira yonse agogo ankayeserera mawu opepesera.

Dokotalayo sanawakalipire. Anati ng'ala simeranso. Kathumba kosunga kagalasi kamene anawaika m'diso ndi kamene kanachita mbuu, ndipo zimachitika ngakhale kwa omaliza mankhwala. Mankhwalawo ngoletsa kutupa ndipo sagawana, koma chimene chinawapweteka kwambiri n'kukhala kunyumba ndi manyazi. Anawakhazika pamakina, kuwala kunathwanima kangapo, basi. Popanda mpeni.

M'mawa mwake agogo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, wakula liti? Nanga tsitsi limenelo ndi la munthu?"

Ndinafuna kuwayankha mwano, koma ndinangotenga chipeso.

Zaka zanga za sukulu sizidzabwerera, ndipo mkwiyo ndikadali nawo. Koma agogo akuona mpaka lero, amayenda okha kukagula nsomba ku Bua. Ndikamva wina wochotsedwa ng'ala akuti maso ayambanso chifunga, sindimunyengerera. Ndimangomufunsa kuti tinyamuka liti.